Amalume a Zuze ndi Mikungudza Yawo

Amalume anga a Zuze amwalira mwezi wathawu, ndipo imfa inawapeza akuchita zomwe ankachita masiku onse: kudikira nkhungu. Amuna onyamula matabwa anawaona m'mawa atakhala pamwala m'mbali mwa njira yokwera phiri kuchokera ku Likhubula, kamera ili pambali, nkhope ili kuphiri. Anawapatsa moni n'kudutsa, poti aliyense wa njira imeneyo anazolowera kuti a Zuze sayankha moni akamayang'ana mitambo. Pobwerera masana ndi matabwa pamutu m'pamene anazindikira kuti kusayankha kwa tsikuli kunali kwina.

Tisanapite kumanda, mkulu wa mpingo anabwera kudzandifunsa zoti akanene, popeza ine ndine mwana wa mlongo wawo, ndiponso ndine ndinkawaphikira. Ndinangoti, "Kaneneni kuti anali munthu wofatsa." Ndikanati nditsegule pakamwa n'kunena zenizeni, anthu akanati Eneresi wapenga, akukalipira mtembo. Ndiye zomwe ndinameza tsiku limenelo ndizinena pano. Amalumewa anajambula zithunzi moyo wawo wonse, mabokosi kudzaza. Koma mlongo wawo mmodzi yekhayo, mayi anga a Elube, anapita kumanda opanda chithunzi ngakhale chimodzi. Nkhani yanga ndi imeneyo, zina zonsezi n'zongoperekeza.

Ntchitoyi anaiphunzirira ku Limbe ali mnyamata, kwa mmwenye wina wojambula anthu. Ankatsuka zithunzi ndi kusesa, ndipo pochoka anapatsidwa kamera yakale imene mwini wake anali atatopa nayo. Chinali chibokosi choima pa miyendo itatu yamatabwa, ndi nsalu yakuda yolowetsamo mutu. Filimu sichinkaidziwa. Chithunzi chilichonse chinkalowa pa galasi lakelake, ndipo magalasiwo ankachokera kwa mmwenye yemweyo, iyenso ataitanitsa kutali. Anzawo onse anali atagula kale timakamera topachika m'khosi, koma amalume ankati amenewo n'zidole za ana. Ndiye magalasi akatha, ntchito inkaima miyezi, iwo n'kumadya nandolo wathu uku akutiuza kuti mchere wachepa.

Munthu wa kamera masiku amenewo sakanagona ndi njala. Anthu a m'makampani a tiyi ankafuna zithunzi atavala masuti, asilikali obwera kunkhondo ankafuna zithunzi, a ukwati ankafuna zithunzi. Amalume ayi. Iwo mtima wawo unali pamwamba pa phiri, kumene kuli mikungudza yakalekale, ija makungwa ake anachita kung'ambikang'ambika ndi ukalamba. Ankati munthu akaima patsogolo pa kamera amayamba bodza: amabweza mimba, amabwereka wotchi ya mnzake, amamwetulira pomwe m'nyumba mwake muli ndewu. Mtengo wokha, ankatero, ndiwo umaima mmene ulili. Ankanenanso kuti mtengo sujambulidwa tsiku lomwe wakumana nawo, uyenera kuuyendera kangapo mpaka udziwe mbali imene umakonda kuwala. Dzuwa la masana ankadana nalo ngati linawalanda mkazi.

Kunena za mkazi, analipo. Anakwatira ku Muloza, kumalire, kwa mayi wina wolimbikira ntchito wogulitsa makaka. Mkamwini amayenera kugwira khasu, aliyense amadziwa. Amalume anafika pamudzi wa eni n'kuyamba kumata mazenera ndi dothi kuti m'nyumba mukhale mdima wotsukiramo zithunzi. Mbale zodyera anazisandutsa zothiramo mankhwala. Mvula yoyamba itagwa, anthu onse ali kumunda, iwo anali pamwamba pa phiri, ku Lichenya, kujambula ndere. Tsiku lina atapita chimanjamanja kukayendera mitengo, pobwera anapeza kamera ndi bulangete zawo zitaikidwa bwinobwino panjira, mphika wa nyemba za kalongonda zophikaphika uli pambali kuti asafe ndi njala pobwerera kwawo. Ankainena nkhaniyi mosadandaula n'komwe. Chimene chinkawawawa n'chakuti miyendo ya kamera anaigoneka padothi lonyowa.

Umu ndi mmene anabwererera pamudzi pathu. Mayi anawapatsa malo kuseri kwa nyumba yathu, iwo n'kumangapo kanyumba kopanda zenera. Anthu awiriwa ankakangana tsiku lililonse, ndipo mkangano ukafika povuta ankasiya Chinyanja n'kuyamba Chilomwe kuti ife tisamve zonse. Amalume akabweretsa chithunzi chatsopano kudzaonetsa, mayi ankachigwira, n'kuchitembenuza, n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi izi n'zandiwo?" Amalume ankapsa mtima, koma mawa lake ankabweranso ndi china. Panalibe munthu wina amene ankamuonetsa zithunzi zisanaume.

Ndisaname, zithunzizo zinali zokongola. Ine sindinaphunzire, koma maso ndili nawo. Panali china cha ndere zolendewera m'nthambi ngati ndevu za nkhalamba, dontho la madzi lili kunsonga kwa iliyonse. Panali china cha cheyo, kamtengo komera pathanthwe pomwe palibe dothi, china cha timaluwa tating'ono tomera pathunthu la mtengo wakugwa. Ukachiyang'ana nthawi yaitali unkayamba kumva kuzizira. Azungu ena okwera phiri akafika ku Likhubula ankafunsa za iwo, koma nawonso ankabwerera atakhumudwa. Wina akaloza chithunzi n'kuti akufuna chimenecho, amalume ankati ayi, chimenecho kuwala kunalakwika, sichingachoke pano. Chimene iwo ankati n'chabwino, ankatinso sangagulitse chifukwa n'chabwino. Abale inu, munthu wotere mungamuthandize bwanji?

Kamodzi kokha tinawakakamiza kujambula ukwati, wa mwana wa akatekisiti ku Nkando. Anavomera chifukwa mayi anawauza kuti akakana asadzabwerenso pakhonde pathu ndi mbale. Kuseri kwa tchalitchicho kunali mbawa yaikulu. Amalume atangoiona, basi. Anayamba kuwasuntha akwatiwo: sunthirani uko pang'ono, bwererani kumbuyo, sunthiraninso. Anthu anaima padzuwa mpaka mkwatibwi thukuta kutsika m'chophimba kumaso, iwo ali m'kati mwa nsalu, akudikira mtambo. Chithunzi chitatuluka, mbawa inali pakati, tsamba lililonse likuoneka. Mkwati anali pakona, wamng'ono ngati chiwala, ndipo mkwatibwi kunangooneka mkono wokha. Akatekisiti anabwera kunyumba atagwira chithunzicho ndi zala ziwiri. Amalume anawafunsa ngati anayamba aonapo mbawa yojambulidwa bwino chotero. Mpaka lero banja limenelo silitipatsa moni wabwino.

Zonsezi tinkaseka. Chimene sindinasekepo ndi ichi.

Mayi anali ndi ana awiri, ine ndi achimwene anga a Lusiyano. Achimwene anapita ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, akuti abwera pakatha chaka. Zaka zinapita, munthu osaoneka. Anthu anayamba kuwatchula kuti mtchona. Ndiye mayi anayamba chifuwa. Poyamba tinkati n'chiperoni, kamvula kozizira kaja kotsika m'phiri, koma chiperoni chinatha, chifuwa osatha. Chaka chotsatira nsalu inayamba kuwazungulira kawiri. Tinatumiza mawu kudzera kwa anthu opita kumeneko, koma mawu oti mayi akudwala amatumizidwa ndi mudzi uliwonse, ena pofuna bulangete chabe, ndipo machona anasiya kuwakhulupirira. Yankho linkabwera lomwelo: auzeni ndibwera tikakolola.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho kunabwera a Dinala, bambo wa mudzi woyandikana nafe amene ankagwira ntchito famu imodzi ndi achimwene. Anali patchuthi, ndipo ankayenera kukakwera sitima ku Luchenza Lolemba lina. Mayi anaitana amalume pakhonde, ine ndili pomwepo ndikusenda chinangwa.

"Achimwene, sindinakupemphenipo kanthu. Mundijambule mmene ndililimu. Osandikongoletsa ayi. A Dinala akamupatse mwana wanga m'manja, aone yekha mafupawa. Akaona, abwera."

Amalume anayang'ana pansi n'kunena kuti galasi latsala limodzi lokha.

"Nanga ine ndili ndi nkhope zingati?" anatero mayi.

Anavomera. Ndinamva ndi makutu angawa, anavomera. Mawa lake m'mawa mayi anavala chilundu chawo cha kutchalitchi, ine n'kuwamanga duku, n'kuwakhazika pampando pafupi ndi nthochi. Amalume anaimika kamera, analowetsa mutu m'nsalu. Anakhalamo, anakhalamo, mpaka mayi anayamba kutsokomola. Potuluka anamina, n'kunena kuti kuwala sikunafike, tiyesenso mawa. Mawa lake chimodzimodzi, ndipo ulendo uno anakhalitsa kuposa dzulo. Ine ndinati, "Amalume, dzuwa ndi ili, mukufuna lina liti?" Anati dzuwa limenelo likuwadya masaya. Mayi anati, "Masayawo anadyeka kale, jambulani." Iwo anapinda miyendo ya kamera n'kulowa m'kanyumba kawo. Chimene ankaona m'kati mwa nsalumo sindichidziwa, ndipo sindikufuna kuwapezera chifukwa. Munthu anapemphedwa chinthu chimodzi.

Loweruka m'mamawa ndinapita kukawagogodera kuti lero zivute zitani ajambule, poti chithunzi chinkafunika kutsuka ndi kuuma a Dinala asananyamuke. Chitseko chinali chomanga ndi luzi. Mayi wina woyandikana nafe anati anawaona dzulo madzulo akulankhula ndi ocheka matabwa, ndipo kutangoyamba kucha ananyamula chibokosi chawo kulowera ku Likhubula. Ndinadziwa. Ku Chambe, pamwamba pa phiri, kunali mkungudza wina umene amalume ankautchula ngati m'bale wawo. Anauyendera zaka zambiri osaujambula, akuti nkhungu yake yoyenera sinapezeke. Tsopano a za nkhalango anali atauika chizindikiro chifukwa mbali imodzi inali itauma, ndipo ocheka anali atafika.

Ndinasiya mwana wanga kwa anansi, ndinamanga nsalu m'chiuno, n'kuyamba kukwera. Amene sanakwerepo njira ya ku Chambe asandiuze za kutopa. Ndinkakumana ndi amuna akutsika chothamanga, matabwa aatali ali pamutu, akukuwa kuti ndipatuke. Aliyense ndikamufunsa ankaseka n'kuloza kumwamba: "A Zuze? Ali komweko, aimitsa ntchito." Ine njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawauze, ena oti mwana sayenera kuuza malume wake.

Nditafika pamwamba ndinalowa m'nkhalango imene sindinaionepo. Kunali zii. Pansi panali pofewa, phazi linkangomira m'masamba owola, ndipo fungo la mkungudza linali paliponse. Nkhungu inali itatseka moti mitengo inkaoneka hafu, mathunthu okha, mitu yake osaoneka. Ndinatsata utsi wa fodya mpaka ndinapeza ocheka atakhala pachipika, nkhwangwa zili pansi. Kapitawo wawo atandiona anaimirira.

"Mayi, ngati abambowa ndi anu, chonde atengeni. Kuyambira m'mawa akungoti dikirani pang'ono, dikirani pang'ono. Akhala patsinde penipeni. Tigwetse mtengo pamutu pawo?"

Amalume anali chapatali, kamera itaima kale, jekete lawo atafunditsa chibokosicho, iwo akunjenjemera ndi malaya okha. Atandiona sanadabwe. Anangoika chala pakamwa, ngati ndalowa m'tchalitchi mochedwa.

"Amalume, galasilo ndi la mayi."

"Iwe Eneresi, lankhula pang'onopang'ono."

"Ndilankhule pang'onopang'ono kuti mtengo ungadzuke? Mayi avala kale chilundu, akukudikirani pampando. Tiyeni titsike."

"Mayi ako ndiwajambula magalasi ena akabwera. Mtengo uwu mawa kulibe."

"Nanga mayi mwawauza ndinu kuti adikire magalasi? Mwapangana ndi Mulungu?"

Ndinagwada, ine mayi wa mwana, pamaso pa amuna achilendo. Ndinawakumbutsa amene anawalandira atathamangitsidwa ku Muloza, amene ankawachapira, amene ankawasungira ndiwo iwo ali kuphiri. Ndinati mitengo m'phiri muno ndi yosawerengeka, mlongo wanu ndi mmodzi. Iwo maso anali kumwamba. Ocheka aja anasiya kuseka, wina anayang'ana kumbali.

Kenaka kamphepo kanawomba, nkhungu n'kuyamba kung'ambika. Mtengo wonse unatulukira, kuyambira kumizu mpaka kunsonga. Unali waukulu moti amuna onse aja atagwirana manja sakanauzungulira. Mbali imodzi inali yoyera, youma, nthambi zili m'mwamba. Mbali ina yobiriwira, ndere zikulendewera, madzi akudontha. Kuwala kunalowa chammbali n'kugwira khungwa lokha, kumbuyo kukadali nkhungu. Ndinaona, sindikana, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti nanenso ndinakhala chete. Mwendo wa kamera unali pafupi ndi phazi langa. Ndikanangoukankha. Amalume anatambasula dzanja, anachotsa kachivindikiro padiso la kamera, milomo ikuyenda, n'kukabwezera. Basi, galasi la mayi linathera pomwepo.

Anatembenukira kwa kapitawo n'kunena kuti, "Zikomo, dulani." Ndiye anandifunsa ngati ndabweretsa chakudya.

Potsika sindinawalankhule. Nkhwangwa tinkazimva kumbuyo mpaka titafika pamathanthwe. Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka, ndipo mayi anali akadali pampando paja pafupi ndi nthochi, duku lili kumutu, atafunda bulangete. Anakana kulowa m'nyumba tsiku lonse kuopa kuti chilundu chingakwinyike. Anayang'ana amalume, anayang'ana chibokosi, anandiyang'ana ine. Sanafunse zambiri.

"Mtengowo unakhala bwino, achimwene? Sunatsokomole?"

Mayi anandiuza kuti ndiwamasule duku, likuwapweteka mutu.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Ayi ndithu. Lamulungu masana amalume anatuluka m'kanyumba kawo ndi chithunzi cha mtengo uja, n'kubwera nacho pakhonde nkhope ili ngwee. Anati aganiza bwino. Nkhope ya munthu wodwala ingangomuopsa mnyamatayo, mwina n'kuthawiratu. Koma Lusiyano anakulira pansi pa phiri ili, akaona mkungudza ndi nkhungu ya kwawo, mtima udzamuwawa, adzanyamuka yekha. Ankanena zimenezi akukhulupirira ndi mtima wonse! Ine ndinati zimenezo anaziganiza atajambula kale, pofuna kudzitonthoza. Mayi anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, ulendo uno osafunsa za ndiwo. Anati, "N'chokongola. Mupatseni, poti china palibe." A Dinala anachikulunga m'nsalu n'kuchiika m'sutikesi, ife n'kuwapempha kuti akanene ndi pakamwa kuti matenda ndi aakulu.

Mayi anamwalira mvula isanagwe. Masiku awo omaliza ankamva galimoto ikalira kumsewu n'kundituma kuti ndikaone. Achimwene sanabwere. Magalasi atsopano anafika kuchokera ku Limbe titameta kale.

Kodi amalume anapepesa? Inu simukuwadziwa. Pamaliro analira kuposa tonse, mpaka amuna anzawo kuwagwira. Atatero anasowa pakhonde pathu mwezi wathunthu, akudya chinangwa chootcha okha kuseri. Tsiku lina anangotulukira ndi mbale yawo, anakhala pamalo pawo, analawa ndiwo n'kunena kuti mchere wachepa. Ndinawathira wina. Magalasi atabwera anandiuza kuti ndivale bwino andijambule pamodzi ndi mwana. Ndinati akajambule nthochi. Sanandifunsenso, ndipo anabwerera kuphiri kwawo. Kungoti zithunzi zatsopano analibenso munthu womuonetsa. Ankatuluka ndi chithunzi chonyowa, n'kuima pabwalo, kuyang'ana uku ndi uku, n'kubwerera nacho m'kati.

Ndinawaphikira zaka zonse zotsatira. Anthu ankandifunsa kuti bwanji, poti ankadziwa mmene ndinkawalankhulira. Nanga ndikanatani? Anali amalume anga. Ankati akadwala ndinkawafunditsa, akachira tinkayambiranso kukangana. Atakalamba miyendo inayamba kukana, koma ankakwerabe mpaka pamene afika, n'kukhala pamwala. Ndinawauza kangapo konse kuti tsiku lina adzafera panjira. Anati ngati kudzakhale nkhungu yabwino palibe vuto.

Achimwene a Lusiyano anafika masabata awiri apitawa. Uthenga wa maliro a amalume unawapeza ntchito itawathera, ndiye anati bola angobwera. Ndinaona bambo wa imvi akutsika njinga ya munthu pabwalo, ndipo ndikanamupatsa moni wa mlendo akanapanda kunditchula dzina. Tinapita kumanda a mayi, analira, tinabwerera. Madzulo ake anati akufuna kuona katundu wa amalume. Tinatulutsa mabokosi onse pabwalo. Anayamba kunyamula magalasi limodzilimodzi, kuliyang'ana kudzuwa, kuliika pambali. Mitengo, ndere, mizu, miyala, mitengo. Ndinawaleka mpaka anafika pabokosi lomaliza.

"Achemwali, cha mayi chili kuti?"

"Kulibe."

"Ngakhale chimodzi? Munthu wa kamera anali pakhomo pomwe pano!"

Ndinawafotokozera zonse, za mpando, za Chambe. Atamva, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chithunzi chija cha mtengo, chitafiira, m'mbali mutadyeka. Anali atachisunga zaka zonsezo. Anati a Dinala ananenadi kuti mayi akudwala kwambiri, ndipo iwo anali atayamba kuganiza zopempha tchuthi. Koma atamasula nsalu n'kuona mtengo, mtima unakhala pansi.

"Ndinati kumudzi kuli bwino. Pakhomo pamene pali matenda enieni, ndani angakhale ndi nthawi yojambula mtengo n'kutumiza? Ndinachipachika pakhoma, anzanga n'kumachisirira. Uthenga wa maliro utabwera, manyazi anandigwira, ndinalephera kubwera."

Ndinafuna kukuwa, koma womukuwira anali atagona kumanda. Ndinangotola magalasi aja n'kuwabwezera m'mabokosi, mosamala, mmene mwini wake ankafunira. Ngakhale zimenezo zinandipsetsa mtima.

Kwathu kuno munthu wamkulu akamwalira wopanda womusiyira nyumba, nyumbayo imagwetsedwa. Adzukulu, anthu omwe anakumba manda aja, anabwera sabata yatha ndi mitengo yawo, ndipo kanyumba kopanda zenera kaja sikanalimbe n'komwe. Udzu wa padenga anautentha, dothi analisalaza. Tsopano kuseri kwa nyumba yathu kuli bwalo loyera. Patsala miyala itatu imene ankakhazikapo beseni, ndi kadzenje kamene ankatayiramo mankhwala otsukira, kozungulira pake dothi lachita kuda ndipo sipamera kanthu. Nkhuku zimafika m'mphepete n'kubwerera. Kanyumbako kankatchinga phiri, ndiye tsopano ukangotsegula chitseko chakuseri limakhala lili pamaso pako lonse, ufune usafune.

Achimwene amakonda kukhala pamenepo madzulo, pamwala umodzi mwa itatu ija. Akuti nkhope ya mayi inawathawa kalekale ali ku Halale, amangokumbukira mawu ndi kayendedwe. Ndiye amandifunsa ngati mwana. Mphumi inali yotani? Mano akutsogolo anali ndi mpata? Ine ndimayankha, poti ndine ndinawasambitsa mpaka tsiku lomaliza. Dzulo ndinawauza kuti mayi anali ndi mphini ziwiri patsaya lamanzere, ndipo anagwira tsaya lawo n'kugwedeza mutu, okhutira.

Lero m'mawa ndikusesa pabwalo latsopanoli ndinaima ndi tsache m'manja. Mwina linali tsaya lamanja. Ndayesa kutseka maso, koma chimene chikubwera bwinobwino ndi mtengo uja, nthambi iliyonse pamalo pake. Ndinatembenuka kuti ndifunse munthu amene anayang'anitsitsa nkhope ya mayi kuposa ife tonse, m'mawa uwiri wathunthu mutu uli m'nsalu. Pamene panali chitseko chawo pali dothi losalaza, ndi mapazi a nkhuku.